Kalasi ya Loweruka yokonzekera mayeso a GMAT pa Dedza boma: zimene ndinapeza pa ndalama zanga

Kuyambira kumayambiriro kwa Juni kufikira pakati pa Sepitembala chaka cha 2024, Loweruka lililonse m'mawa ndinkakhala pa benchi m'chipinda chobwereka kuseri kwa sitolo ina ya zipangizo zomangira pa Dedza boma, kukonzekera mayeso a GMAT, amene sukulu zambiri za kunja zophunzitsa kayendetsedwe ka malonda zimafuna kwa munthu wofunsira malo a digiri ya MBA. Tinalipo anthu 7, ndipo aliyense analipira K180,000 pa milungu 12, ndalama imene tinkapereka m'zigawo zitatu kudzera pa foni. Anthu angapo a kuno ndi a ku Ntcheu akhala akundifunsa ngati kalasiyo ikuyenerana ndi ndalama imeneyo, ndipo popeza yankho lake silingakwane mu uthenga wa pa WhatsApp, ndaona kuti ndilembe bwinobwino zimene ndinapeza. Dzina la aphunzitsiwo sindilitchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo, ndipo iwo ndi munthu amene timaonana naye kumsika ndi kumaliro.

Ine ndimasunga mabuku a ndalama ku bungwe lina la alimi a mbatata ya kachewere ndi nyemba, ndipo digiri yanga yoyamba ndinaimaliza zaka 9 ndisanalowe m'kalasiyi. Popeza manambala ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndinkakhulupirira kuti masamu a m'mayesowa sadzandivuta, ndipo chimene ndinkaopa chinali Chingerezi chokha. Chidziwitso cha kalasiyi ndinachiona pa pepala lomatidwa pakhomo la malo ena ochitira fotokope, ndipo pansi pake panalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti wophunzira wolimbikira adzapeza malikisi 700 kapena kuposa. Nambala imeneyo ndiyo inandikopa, ndipo pambuyo pake inadzakhala chinthu choyamba chondionetsa kuti panali china cholakwika.

Malo ake anali osakongola koma okwanira. Munali bolodi loyera, mabenchi anayi, tebulo limodzi la aphunzitsi ndi zenera loyang'ana kuphiri. Amene amaidziwa Dedza mu Juni ndi Julayi akudziwa kuti 7 koloko m'mawa nkhungu imakhala isanachoke ndipo zala zimakanika kugwira cholembera, choncho tinkaphunzira titavala majuzi ndi zipewa, ndipo mwini nyumbayo ankatibwereka mbaula imene tinkaiika pakati. Aphunzitsi sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo tiyi wa 10 koloko ankagula okha. Phokoso la anthu otsitsa malata ndi matumba a simenti kusitolo kuja linkativutitsa masiku ena, koma sindikuliwerengera ngati cholakwa chachikulu.

Cholakwa chachikulu chinaonekera Loweruka lachitatu. Kwa milungu iwiri yoyamba ndi theka la tsiku limenelo tinali tikulimbana ndi masamu a geometry, a makona atatu ndi zozungulira, komanso mafunso osankha chiganizo cha Chingerezi cholembedwa molondola pakati pa ziganizo zisanu, ndipo tinali titapatsidwanso chimangirizo choti tikalembe kunyumba. Mayi wina wogwira ntchito kubanki, amene ankakwera minibasi kuchokera ku Ntcheu mbandakucha uliwonse wa Loweruka, anakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pepani, ndili ndi funso. Usiku wathawu ndimawerenga pa tsamba la eni ake a mayesowa, ndipo zikuoneka kuti zimene tikuphunzirazi anazichotsa." Aphunzitsi anayankha kuti, "Mayi, tabweretsani foniyo ndione." Anawerenga ataimirira kwa nthawi yaitali, ife tili chete, kenaka anaika foniyo patebulo n'kunena kuti, "Ndakulakwirani nonsenu. Ine ndinalemba mayeso akale, ndipo ndimaganiza kuti chasintha ndi dzina lokha."

Mayiwo ankanena zoona. Mayeso a GMAT ndi a bungwe la Graduate Management Admission Council, kapena kuti GMAC, la ku Reston m'chigawo cha Virginia ku America, ndipo analembedwa koyamba mu 1954 pansi pa dzina lina. Mu Novembala 2023 bungweli linatulutsa mayeso okonzedwa mwatsopano amene linawatcha Focus Edition, ndipo mayeso akale aja anatha pa 31 Januwale 2024, miyezi inayi kalasi yathu isanayambe. Mayeso amene alipo tsopano ali ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse: chigawo cha masamu chotchedwa Quantitative Reasoning chili ndi mafunso 21, cha kuwerenga ndi kulingalira chotchedwa Verbal Reasoning chili ndi mafunso 23, ndipo cha kusanthula matchati, matebulo ndi manambala chotchedwa Data Insights chili ndi mafunso 20. Chimangirizo mulibe, mafunso okonza galamala mulibe, ndipo geometry anaichotsa. Malikisi ake amayambira pa 205 kufika pa 805 ndipo onse amathera ndi 5, kutanthauza kuti 700 yolonjezedwa pa pepala lija ndi nambala imene munthu sangaipeze ngakhale atalemba bwino motani. Malinga ndi mmene a GMAC eni ake amafananitsira, 645 ya tsopano ndiyo ikufanana ndi 700 yakale.

Zimenezi zinandipweteka mtima, ndipo mpaka lero ndimaona kuti munthu wolandira ndalama za anzake pa ntchito yotere ayenera kukhala woyamba kudziwa kuti mayeso asintha, makamaka pamene nkhaniyo ili poyera pa intaneti kwa aliyense. Ifenso tinali ndi mbali yathu, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa anthu 7 ophunzira bwino ndi mmodzi yekha amene anaganiza zokaona kwa eni ake. Komabe mmene aphunzitsiwo anachitira pambuyo pake ndi chimene chinandiletsa kupempha kuti andibwezere ndalama. Sanadziikire kumbuyo, anawonjezera milungu itatu yaulere kumapeto, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi ndondomeko yatsopano yolembedwa pamanja, maso ali ofiira chifukwa cha kusagona.

Kuchokera pamenepo kalasi inasintha, ndipo chimene ndimaiyamikira nacho kwambiri ndi mmene anatiphunzitsira mafunso otchedwa Data Sufficiency. Mafunso amenewa analipo m'mayeso akale, choncho aphunzitsi ankawadziwa ngati chikhatho chawo, ndipo m'mayeso atsopano anangowasamutsira ku chigawo cha Data Insights. Mu funso lotere munthu amapatsidwa funso ndi mfundo ziwiri, ndipo safunika kupeza yankho lenileni. Amangofunika kunena ngati mfundo yoyamba payokha ikukwana kuyankha funsolo, kapena yachiwiri payokha, kapena zonse ziwiri zikaphatikizidwa, kapena iliyonse mwa izo payokhapayokha, kapenanso ngati ngakhale zonse pamodzi sizikukwana. Aphunzitsi asanatipatse funso la m'Chingerezi, analemba pabolodi funso lawolawo m'Chichewa. Linati: wamalonda wina wagula matumba a mbatata ya kachewere ndi matumba a nyemba ku Bembeke, kodi ndalama zonse zimene waononga zaposa K500,000? Mfundo yoyamba inati thumba la mbatata ndi K40,000 ndipo wagula matumba a mbatata oposa 12. Mfundo yachiwiri inati wagula matumba 5 a nyemba.

Ine ndinayankha mofulumira kuti ngakhale mfundo zonse ziwiri pamodzi sizikukwana, chifukwa mtengo wa nyemba sunatchulidwe ndipo chiwerengero chenicheni cha matumba a mbatata sichikudziwika. Aphunzitsi anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, matumba oposa 12, ochepetsetsa ndi angati?" Ndinati 13. Anati, "Nanga 13 kuchulukitsa ndi K40,000?" Ndisanamalize kutchula K520,000 ndinali nditaona kale pamene ndinaphonya. Funsolo silinafune kudziwa ndalama zonse. Linangofuna kudziwa ngati zaposa K500,000, ndipo mfundo yoyamba payokha inali itayankha kale kuti inde, kaya nyembazo anagula pamtengo wanji. Ndinaganizira funso limeneli njira yonse yobwerera kunyumba. Ntchito yanga inandizoloweretsa kusatseka buku kufikira tambala yomaliza itapezeka, ndipo chizolowezi chomwecho, chimene kuofesi ndi ulemu wanga, m'mayesowa chinkandidyera nthawi ndi kundiphonyetsa. Palibe buku limene likanandionetsa zimenezi msanga monga anachitira munthu amene ankadziwa ntchito imene ndimagwira ndipo anasankha chitsanzo chochokera m'mabuku anga omwe.

Njira yomweyo anaigwiritsa ntchito pa mafunso a Critical Reasoning a m'chigawo cha Verbal Reasoning, amene amapereka ndime yaifupi yokhala ndi ganizo la munthu wina, n'kufunsa chimene chingalifooketse kapena kulilimbitsa. Chitsanzo chimene ndimachikumbukira ndi cha wogulitsa feteleza wa ku Lizulu amene anatsitsa mtengo pang'ono mu Novembala, malonda n'kukwera kawiri, iye n'kumauza anzake kuti kutsitsa mtengo ndiko kwamukokera makasitomala. Tonse tinaseka nthawi yomweyo, chifukwa mwana aliyense wa kuno akudziwa kuti mu Novembala mvula ikayandikira aliyense amathamangira feteleza, kaya wakwera kaya watsika. Aphunzitsi anati kusekako ndiko luso limene mayesowa akufuna, kuona chifukwa china chimene wolankhulayo sanachiganizire, ndipo ntchito yathu inali kuphunzira kuchiona ngakhale nkhaniyo ikhale ya kampani ya ndege ya ku Ulaya yolembedwa m'Chingerezi chovuta. Kuyambira tsiku limenelo, pa ndime iliyonse tinkayamba ndi kufunsa kuti, wolembayu akufuna kuti ndikhulupirire chiyani, ndipo ndi chiyani chimene akuchitenga ngati choona popanda kuchitchula.

Pa ndime zazitali za Reading Comprehension, mafunso oyesa kumvetsa zowerenga a m'chigawo chomwecho, anatipatsa ntchito imene poyamba ndinaiona ngati yachibwana. Tsiku lililonse tinkayenera kuwerenga nkhani imodzi yaitali ya m'Chingerezi pa mutu umene sitiukonda, kaya za tizilombo, za mbiri ya maiko ena kapena za malamulo, ndipo pa ndime iliyonse tinkalemba chiganizo chimodzi cha Chichewa chofotokoza ntchito ya ndimeyo. Iwo ankati munthu angathe kubwereza mawu a Chingerezi osawamva, koma sangathe kuwanena m'Chichewa asanawamvetse. Chingerezi chimene ambiri a ife tinakhozera MSCE ndi digiri ndi chowerenga modekha, kubwereza kawiri kapena katatu, pamene m'mayesowa mafunso 23 pa mphindi 45 akutanthauza kuti funso lililonse lili ndi mphindi zosakwana ziwiri, kuphatikizapo nthawi yowerenga ndimeyo. Pofika mlungu wachisanu ndi chitatu ndinaona kuti ndasiya kubwerera pa chiganizo chilichonse, ndipo ndimakhulupirira kuti ntchito imeneyi ndiyo inandithandiza.

Masamu anandichititsa manyazi m'njira ina. Mu chigawo cha Quantitative Reasoning saloleza calculator. Imapezeka pa kompyuta mu chigawo cha Data Insights chokha. Aphunzitsi ankasonkhanitsa mafoni athu onse m'kadengu tisanayambe, ndipo masiku oyamba dzanja langa linkangopita lokha kuthumba. Anatibwezera ku zinthu za ku pulayimale, kuloweza kuchulukitsa mpaka 20, kudziwa pamtima kuti gawo limodzi mwa magawo 8 ndi 12.5 peresenti, kuzindikira msanga manambala amene sagawika ndi ena. Ankakonda kunena kuti amayi ogulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1 amawerengetsa chenje cha makasitomala atatu nthawi imodzi minibasi ili pafupi kunyamuka, ndipo ife a madigiri tataya luso limene iwo akadali nalo. Masamu a m'mayesowa sapitirira a ku sekondale, ndi arithmetic ndi algebra basi, koma mafunso ake amawatchera ngati msampha, ndipo amene amathamangira kuwerengetsa asanamve bwino funso ndiye amakodwa.

Chinanso chimene ndikadachisungabe ndi kope la zolakwa. Funso lililonse limene tinaphonya tinkalilemba m'kope, ndipo pambali pake tinkasonyeza ngati tinaphonya chifukwa chosadziwa njira, chifukwa chowerenga molakwa, kapena chifukwa nthawi inatha. Loweruka lililonse aphunzitsi ankatenga makope onse pa nthawi ya tiyi n'kuwaona limodzilimodzi. M'kope langa, mzere wa kuwerenga molakwa ndiwo unadzaza msanga, zimene sindikanazikhulupirira munthu akanangondiuza pakamwa.

Ndibwererenso ku zofooka, chifukwa sizinathere pa milungu itatu yoyamba ija. GMAT ndi mayeso a pa kompyuta amene amasintha malinga ndi mmene munthu akuyankhira: akamakhoza, mafunso otsatira amalimba, ndipo akamaphonya amafewa, kotero kuti malikisi amachokera pa kulimba kwa mafunso amene wakhoza, osati pa chiwerengero chokha. Kalasi yathu inali ya pepala kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Mayeso oyesera amene tinkalemba anali a fotokope, aliyense mafunso omwewo, ndipo malikisi amene aphunzitsi ankatiuza anali ongoyerekeza. Vutoli linakula kwambiri pa Data Insights, pamene mafunso ena amafuna kuti munthu asanje tebulo la manambala pa kompyuta, kapena adumphe pakati pa masamba awiri kapena atatu okhala ndi kalata, tchati ndi tebulo, n'kuphatikiza zimene waonazo. Pa pepala zonsezi zimangokhala pamaso nthawi imodzi, ndipo matchati ena ankatuluka otuwa mwakuti mizere iwiri yosiyana mitundu inkaoneka ngati umodzi. Aphunzitsi eni ake anavomera kuti mitundu ina ya mafunso a chigawo chimenechi ankaiphunzira limodzi nafe.

Mapepalawo sindikudziwa kumene ankachokera, ndipo ena anali ndi mayankho olakwa kumapeto. Tsiku lina tinataya pafupifupi ola lathunthu tikutsutsana pa funso la peresenti, anthu asanu atapeza yankho limodzi koma pepala likunena lina, kufikira aphunzitsi anawerengetsa kawiri pabolodi n'kuvomera kuti pepala ndilo lalakwa. Pa mtengo umene tinalipira, ndinkayembekezera kuti m'kalasimo mukhale buku limodzi lovomerezeka la eni mayesowa loti tizibwerekana, ndi laputopu imodzi yoti amene alibe azilemberapo mosinthana. Pa tsamba la mba.com a GMAC amapereka kwaulere mayeso oyesera awiri athunthu amene amayenda ngati enieniwo. Aphunzitsi anatiuza za mayesowa, koma anatisiya kuti aliyense adzionere yekha. Anzathu awiri analibe laputopu, ndipo mmodzi mwa iwo anamaliza kalasi yonse asanayankhepo funso ngakhale limodzi pa kompyuta. Ine ndinalemba oyamba kuofesi Lamulungu lina masana, magetsi n'kuzima ndili pakati pa chigawo chachiwiri, ndipo ndinachita kudikira mlungu wina kuti ndiwamalize. Ndinapeza 475.

Pa kasamalidwe ka nthawi ndiye anatithandiza ndithu, ngakhale panali pa pepala. Ankaima kutsogolo ndi wotchi, ndipo mphindi ziwiri zilizonse ankamenya tebulo ndi chofufutira, kuti thupi lizolowere kutalika kwa mphindi ziwirizo popanda kuyang'ana nthawi. Anatikhomereza kuti kusiya mafunso osayankhidwa kumapeto kwa chigawo kumadula malikisi kwambiri, choncho funso likakana, ndi bwino kusankha yankho limene likuoneka loyandikira, kuliikira chizindikiro n'kupita patsogolo. Mayeso atsopanowa amalola munthu kubwerera kukaona mafunso ake nthawi ikatsala ndi kusintha mayankho osaposa atatu pa chigawo chilichonse, ndipo amalolanso kusankha yekha chigawo choyambira ndi kupuma kamodzi kwa mphindi 10. Tinakambirana za ndondomekoyi mmodzimmodzi, ndipo ine anandilangiza kuyamba ndi Verbal Reasoning mutu ukadali wozizira, langizo limene linandikomera pa tsiku lenilenilo.

Chimene kalasiyi sinachikhudze n'komwe, ndipo kwa munthu wa kuno ndicho chimasowetsa tulo, ndi kulembetsa ndi kulipira. Mayesowa amalipidwa m'madola. Ine ndinasankha kulembera pa intaneti ndipo ndinalipira madola 300, amene pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo anali oposa theka la miliyoni, pakuti kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalamayo ndinali nditaisonkhanitsa, koma khadi langa la kubanki linakanidwa katatu, ndipo pomaliza anandilipirira ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg, ine n'kupereka makwacha kwa amayi ake kuno. Mnzathu wina analembetsa ndi dzina limene amadziwika nalo kuntchito, losiyana pang'ono ndi la m'pasipoti, ndipo anavutika kulemba makalata kuti alikonze, chifukwa dzina la pa kalembera liyenera kufanana ndendende ndi la pa chiphaso. Zinthu zoterezi sizifuna ukatswiri. Ola limodzi la Loweruka lina likanakwana kutichenjeza tonse.

Chimodzimodzinso ndi za tsiku la mayeso. Wolembera pa intaneti amafunika chipinda chachete chimene salowamo munthu wina, kompyuta yokhala ndi kamera, ndi netiweki yosadukaduka kwa maola oposa awiri, pamene woyang'anira wa kutali akumuona. Mapepala saloledwa; munthu amalemba pa kabolodi koyera kofufutika kapena pa bolodi la pa kompyuta pomwepo. Ine ndinali nditazolowera kudzaza masamba atatu pa chigawo chimodzi cha masamu, ndipo za kabolodiko ndinazidziwa patatsala milungu iwiri, mwa kuwerenga ndekha. Poopa kuzima kwa magetsi, ndinapita ku Lilongwe tsiku limodzi mayeso asanafike, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, n'kukalembera kunyumba kwa mlamu wanga amene ali ndi sola, ana atawatumiza kwa agogo awo tsiku lonse.

Pali funso lina limene ndikuona kuti aphunzitsi ankayenera kutifunsa tsiku loyamba tisanapereke ndalama: kodi sukulu imene mukufuna kupitako ikufunadi GMAT? Si sukulu zonse zimene zimaifuna. Zambiri zimalandiranso GRE, mayeso a bungwe la ETS, ndipo zina za ku South Africa zimalandira NMAT, amene ndi mayeso enanso a GMAC yomweyo, kapena zili ndi mayeso awoawo olowera. Mnyamata wina m'kalasi mwathu, mphunzitsi wa ku sekondale wochokera cha ku Linthipe, anadzazindikira mlungu wachisanu ndi chinayi kuti maphunziro amene ankafuna sankafuna mayesowa n'komwe, atapereka kale zigawo zonse zitatu za malipiro. Anapitirizabe kubwera mpaka kumapeto, ndipo ankati zimene akuphunzirazo zikumuthandiza pophunzitsa ana ake a Fomu 4, koma ndalama imeneyo pa malipiro a mphunzitsi si yochepa. Malikisi a GMAT amagwira ntchito kwa zaka zisanu, choncho amene sanakonzeke kufunsira malo posachedwa, kapena amene sanadziwebe kumene ndalama za fizi zidzachokere, ayenera kuganizira bwino nthawi yolembera.

Ndinalemba mu Okutobala 2024, ndipo malikisi ataonekera pa kompyuta nditangomaliza, anali 595. Kuchoka pa 475 kufika pamenepo ndi mtunda wautali, ndipo ndikudziwa kuti pandekha, ndi ntchito ya kuofesi ndi ana awiri pakhomo, sindikanafikapo. Komabe ndi ochepa poyerekeza ndi 645 imene ikufanana ndi lonjezo la pa pepala lija, ndipo chigawo chimene chinanditsitsa ndi Data Insights, chomwe chija tinkachiphunzira pa fotokope yotuwa. Malamulo amalola kubwereza patapita masiku 16, ndipo osaposa kasanu pa miyezi 12, koma ulendo uliwonse ndi madola omwe aja, choncho sindinabwerezebe. Mwa anthu 7 aja, amene tinafika polemba mayeso enieni ndife atatu. Enawo anaimitsidwa ndi mtengo. Mayi a ku Ntcheu aja ndiwo anatiposa tonse.

Kwa amene akundifunsa ngati alowe kalasiyi, ndimayankha motere. Ngati munachoka pasukulu kalekale, ngati masamu a pamtima anakuthawani, ndipo mukudziwa kuti panokha kunyumba simungakhale pansi maola anayi Loweruka lililonse, aphunzitsi amenewa akupindulitsani, chifukwa luso lawo lofotokoza chinthu chovuta ndi chitsanzo cha pakhomo ndi lenileni, ndipo amaonetsa kuti amasamala za wophunzira aliyense. Koma musanalipire, lemberani sukulu imene mukuifuna mumve mayeso amene imalandira, werengani nokha kapangidwe ka mayesowa pa tsamba la eni ake, ndipo pezani laputopu yoti muzilemberapo mayeso oyesera, chifukwa nthawi yathu m'kalasimo munalibe. Ngati ndinu wodziletsa, wa masamu akuthwa, ndipo intaneti muli nayo, ndikuona kuti K180,000 imeneyo ingakuthandizeni koposa mutaisunga kuti iwonjezere pa madola a mayeso.

Mwezi wathawu ndinadutsa pamalo ochitira fotokope paja ndipo ndinaona kuti pamatidwa chidziwitso chatsopano cha kalasiyi. Nambala 700 ija achotsapo, ndipo m'malo mwake alembapo mayina a zigawo zitatu za mayeso atsopano. Ndinalowa kuseri kwa sitolo kukawapatsa moni aphunzitsi aja, ndipo ndinapeza kuti patebulo pawo pali laputopu yakale imene anati agula kuti ophunzira azisinthana. Ndinapempha kuona mapepala amene akugawa tsopano. Ambiri ndi atsopano, koma funso la peresenti lija likadalimo ndi yankho lake lolakwa kumapeto, ndipo nditawasonyeza, anatenga cholembera chofiira n'kuyamba kukonza pa mapepala onse 9 amene anali patebulopo.